Lipoti la nkhani ya bambo amene anasowa pa madzi osefukira a mu 2015 ku East Bank

Lipoti ili likukhudza bambo wina wa m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo, ku East Bank (tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire) m'boma la Nsanje, amene sanaonekenso kuyambira sabata yachiwiri ya Januwale 2015, ndipo mpaka lero banja lake lilibe manda oti liziloza, lilibe chikalata cha imfa, komanso lilibe umboni wogwirika woti munthuyo ali moyo. Nkhaniyi inandipeza chakumapeto kwa 2022 pa ntchito yanga yothandiza anthu akumudzi pa za malamulo, pamene mkazi wa wosowayo anabwera kudzadandaula za ng'ombe, osati za mwamuna wake, poti aliyense anali atamuuza kale kuti za kusowako palibenso chimene chingachitike. Mayina a anthu ndi a midzi ndawasiya dala. Wosowayo ndizimutchula kuti bamboyo, mkazi wake kuti mayiyo, ndipo mkulu wake wa bamboyo ndizimutchula kuti mlamuyo, monga mmene wodandaula amamutchulira.

Mmene zinayambira

Mvula imene inagwa mosalekeza ku mapiri a Mulanje ndi Thyolo kumayambiriro kwa chaka chimenecho inatsikira mu mtsinje wa Ruo, ndipo Shire, umene unali utadzaza kale, sunathenso kulandira madziwo pa Chiromo pamene mitsinje iwiriyi imakumana. Ruo unasiya khwawa lake lakale n'kudzitsegulira njira ina kudutsa m'minda ndi m'midzi, kotero kuti dera la Makhanga linasanduka chilumba, ndipo anthu anagona masiku angapo m'mitengo, pa zulu ndi pa madenga asanawapulumutse asilikali pa maboti ndi pa ndege za helikopita. Pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 agweredwa ngozi, ndipo lipoti limene boma linatulutsa pambuyo pake linati anthu 106 anafa, 172 anasowa, ndipo pafupifupi 230,000 anathawa m'nyumba zawo. Mayiyo ndi ana ake anayi anapulumutsidwa n'kukatulidwa ku msasa wina wa kutsidya la kumadzulo.

Bamboyo anali wa zaka za m'ma 40, msodzi amenenso ankalima dimba madzi akaphwa. Bambo ake anali a ku Nsanje konkuno, koma mayi ake anachokera kutsidya kwa malire, m'boma la Morrumbala ku Mozambique, kumene anali ndi ana ena a ukwati woyamba. Abale a kuchikazi amenewa anathawira kuno pa nthawi ya nkhondo n'kukhala ku msasa wa othawa kwawo wa Mankhokwe, ndipo anabwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992. Mbiri imeneyi ndaitchula chifukwa ndi imene inadzapatsa mphamvu mphekesera yoti bamboyo ali moyo. Chuma chake chenicheni chinali ng'ombe zisanu ndi ngolo, zimene ankasungitsa m'khola la mkulu wake kumtunda kwa Bangula, monga amachitira anthu ambiri a ku East Bank amene amadziwa kuti khola la kudambo silidalirika nyengo ya dzinja.

Ku msasa, mayina ankalembedwa potsata mabanja kuti anthu alandire ufa, nyemba ndi malona, ndipo nyakwawa iliyonse inapemphedwa kupereka mayina a anthu ake amene sakuoneka. Mayiyo atafunsidwa za mwamuna wake anayankha kuti kulibe, ndipo wolemba analemba kuti wakokoloka ndi madzi. Palibe amene anafunsa kuti anamuona liti komaliza, anali kuti, anavala chiyani, kapena ngati anagona m'nyumbamo usiku umene madzi anabwera. Sindikuona chifukwa chodzudzulira anthu amene analemba, chifukwa ndi omwewo amene masana ake ankatsitsa ana m'mitengo ndi kunyamula okalamba, koma zotsatira za mzere umodzi umenewo ziyenera kunenedwa poyera. Munthu akalembedwa kuti wakokoloka, amamufunafuna m'mabango ndi mumchenga basi. Samufunsa kumsika, samufunsa ku chipatala, safunsa oyendetsa maminibasi kapena a kabaza, ndipo kupolisi sikutsegulidwa fayilo ya dzina lake, poti dzinalo lalowa kale m'chiwerengero cha ngozi ya dziko lonse.

Chinanso chimene chinavutitsa n'chakuti bamboyo anasowa nthawi imene Amalawi analibe ziphaso za unzika. Kalembera wa ziphasozo anachitika mu 2017, ndipo kulembetsa nambala za foni m'dzina la mwini wake kunayamba kukakamizidwa mu 2018, choncho kulibe kaundula wa boma amene ali ndi zidindo za zala zake, ndipo nambala imene ankagwiritsa ntchito inali itapatsidwa kale kwa munthu wina wosamudziwa n'komwe pamene tinaiyesa. Chiphaso chovotera cha chisankho cha 2014, chimene chinali ndi chithunzi chake, chinapita ndi nyumba. Chithunzi chokha chimene tili nacho ndi cha gulu, chojambulidwa pa ubatizo wa mwana wa mnzake, ndipo nkhope yake ikuoneka theka.

Zimene mboni zinanena

Nditakhala pansi ndi mayiyo kuti afotokoze tsiku ndi tsiku, zinaoneka msanga kuti bamboyo sanali pakhomo usiku wa madziwo. Anachoka kutatsala masiku awiri, atanyamula dengu la milamba yowamba kukagulitsa ku Bangula, ndipo anatsanzika kuti akagona kwa mkulu wake kuti akaone ng'ombe, n'kubwerera mawa lake. Mayiyo sanabise zimenezi mu 2015. Sanafunsidwe chabe, ndipo m'maganizo mwake munthu amene sanabwerere pa masiku ngati amenewo anali atatengedwa ndi madzi ndithu, kaya kumudzi kaya panjira.

Kuchokera ku Makhanga kupita ku Bangula munthu amawoloka pa bwato pa Mtayamoyo, pamene madzi anadula msewu ndi njanji mu 1997. Wopalasa wina wachikulire amene akadagwirabe ntchito pa dokolo anakumbukira kuti anamuwolotsa kupita kumadzulo, ndipo anati akukumbukira chifukwa bamboyo analibe ndalama m'thumba, analipira ndi nsomba ziwiri, zomwe anthu ena m'bwatomo anaseka nazo. Anatsimikiza kuti iye sanamubweretse. Mayi wina wogula nsomba mopikula pa Bangula ananena kuti anagula dengu lonselo tsiku lomwelo masana. Mpaka pamenepa maumboni atatu akugwirizana bwino, ndipo akumuika bamboyo kutsidya la kumadzulo, pamalo ouma, ali ndi ndalama za nsomba m'thumba, madzi asanafike kumudzi kwake.

Apa ndi pamene ulusi umadukira. Mlamuyo akuti mng'ono wake sanafike pakhomo pake tsiku limenelo kapena lotsatira, ndipo mkazi wa mlamuyo akunena zomwezo. Mnyamata amene ankaweta ng'ombezo nthawi imeneyo anachoka kalekale ndipo sakudziwika kumene ali. Kumene bamboyo anagona usiku woyamba ndi wachiwiri sikunadziwike, ngakhale kuti pa malo a malonda ngati Bangula munthu amene wagulitsa nsomba mvula ikugwa akhoza kugona kwa mnzake aliyense popanda chodabwitsa.

Umboni umene ndaulingalira kwambiri ndi wa bambo wina amene mu 2015 anali mnyamata wa kabaza ndipo ankadikirira makasitomala pa doko la kumadzulo. Iye akuti madzulo a tsiku limene madzi anakwera anamuona bamboyo pa dokopo akuchonderera opalasa kuti amuwolotse, akunena kuti ana ake ali kutsidya ndipo mkazi yekha sangawanyamule onse. Opalasa ambiri anakana n'kukokera mabwato awo kumtunda, koma anyamata awiri anavomera pa mtengo wokwera, ndipo bwato linanyamuka kukuda ndi anthu angapo. Mboniyi ikunena mosabisa kuti sinaone ngati bamboyo anakwera, chifukwa inanyamula munthu kupita kumsika, ndipo pobwerera inapeza bwato litapita, bamboyo palibe. Inamva patapita masiku kuti bwatolo linagubuduzika ndipo mmodzi wa opalasawo anapulumuka atakakamira mtengo. Umboni umenewu uli ndi zofooka ziwiri zimene loya aliyense angazione: unaperekedwa patapita zaka pafupifupi 8, ndipo mboniyo inali itamva nkhani ya bamboyo ikukambidwa kambirimbiri isanalankhule nane. Komabe inatchula chinthu chimene sichinali mu mphekesera iliyonse, choti bamboyo anali atamanga dengu lopanda kanthu kumsana ndi mphira wa njinga, ndipo mayiyo, nditamufunsa padera osamuuza chifukwa chake, anati ndi mmene mwamuna wake ankanyamulira dengu akagulitsa nsomba.

Chifukwa chake mtembo sunapezeke

Anthu a kumtunda akamva kuti mtembo sunapezeke amafulumira kuganiza kuti munthuyo ali moyo, koma amene amaudziwa mtsinjewu sangadabwe. Chinthu chimene chagwera m'madzi pa Mtayamoyo nthawi ya chigumula chimatsika kudutsa Chiromo, kumene Shire umayamba kukhala malire a dziko lino ndi Mozambique, n'kupitirira cha ku Tengani, ku boma la Nsanje, ku dambo la Ndindi ndi ku Marka, kenako n'kutuluka m'dziko kulowera ku Zambezi. Mtembo ukhoza kukodwa m'mabango a gombe la Mozambique kumene palibe amene ali ndi mndandanda wa osowa a kuno, ukhoza kukwiririka ndi mchenga umene madzi a chaka chimenecho anaunjika m'minda, ndipo ng'ona za mu Shire n'zosachita kufotokoza. Mu Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato m'boma lomweli, anthu akuona, mtsinje usanasefukire, koma anthu oposa 20 anasowa ndipo kuwafunafuna kunatenga masiku. Ngati zinavuta chotero pa tsiku wamba, nanji usiku wa chigumula.

Mitembo imene inkapezeka patapita masabata inkaikidwa pomwepo chifukwa cha mmene inalili, ndipo kawirikawiri panalibe wolemba zovala, msinkhu kapena zipsera. Tinamva za manda amodzi otere kumunsi kwa Chiromo, a munthu wamwamuna amene asodzi anamupeza madzi akuphwa. Nyakwawa ya kumeneko inatilandira bwino ndipo inatilozera malowo, koma chimene ikukumbukira ndi buluku lakuda basi, lomwe amuna ambiri m'chigwa muno ali nalo. Kufukula manda kumafuna chilolezo cha akuluakulu a boma, ndipo popanda kuyeza DNA, kumene banjali silingakwanitse kulipira, kufukulako kukanangovutitsa mudzi wa eni ake popanda yankho. Ndinalangiza kuti njira imeneyi isatsatidwe.

Mphekesera ya ku Mozambique

Mu 2017 munthu wina wa m'mudzimo amene anapita kukagula chimanga kutsidya kwa malire anabwera ndi nkhani yoti wamuona bamboyo pa msika wina wa m'boma la Morrumbala, ndipo atamuitana dzina anacheuka n'kupitiriza ulendo. Nkhani imeneyi inafalikira tsiku limodzi ndipo inasintha zonse. Ana anayamba kudikira, mayiyo anagulitsa mbuzi kuti atume mchimwene wake kukafufuza, ndipo achibale ena anapita kwa sing'anga amene anawauza kuti munthuyo ali moyo koma anamutseka pakamwa ndi mankhwala. Mawu amenewo anatsala pang'ono kugwetsera tsoka gogo wina wa m'mudzimo amene anayamba kulozedwa chala, mpaka nyakwawa inakumbutsa anthu kuti lamulo la za ufiti la 1911 limalanga wonenera mnzake ufiti.

Tinapereka pempho lofufuza kudzera ku Malawi Red Cross Society, imene imagwira ntchito yolumikizitsa mabanja olekanitsidwa mogwirizana ndi anzawo a mayiko ena. Yankho limene linabwera linati abale a kuchikazi apezeka, ndipo akunena kuti anamuona komaliza pa maliro a mayi awo, madzi a 2015 asanachitike. Mchimwene wa mayiyo, amene anafikako yekha kale, anawonjezera kuti mmodzi wa abalewo amafanana kwambiri ndi wosowayo, msinkhu ndi kayendedwe komwe, poti anabadwa mimba imodzi. Sindinganene motsimikiza kuti amene anaonedwa pa msika paja anali m'bale ameneyu, koma munthu akaitanidwa ndi dzina la m'bale wake ndi mlendo, kucheuka n'kupitiriza ulendo ndi zimene angachite. Wobweretsa nkhaniyo nditamufunsa anavomera kuti anali patali ndithu, ndipo sanamve mawu a munthuyo.

Ganizo loti bamboyo anathawa ngongole linabwera ndi mlamuyo. Ngongoleyo inalipodi, ya katapila, imene anatenga pogula maukonde, koma mwini ndalamayo anatiuza yekha kuti inali yochepa kuposa mtengo wa mwana wa ng'ombe mmodzi ndipo sanakanganepo. Munthu wofuna kuthawa amayamba wagulitsa zimene zingamupatse ndalama ya panjira, pamene bamboyo anasiya ng'ombe zisanu, ngolo ndi maukonde atsopano, n'kuchoka ndi dengu limodzi la milamba. Zoti anatengedwa ndi anthu olonjeza ntchito ku minda ya kutali kapena ku South Africa sizinapeze umboni uliwonse, ndipo sindinazitaye nthawi.

Nkhani ya ng'ombe

Chimene chinachititsa kuti nkhaniyi ikhale yovuta kuposa kusowa kwenikweniko ndi mmene maganizo a mlamuyo anasinthira. Mu 2015, anthu atangobwerera kuchokera ku misasa, iye ndiye anali patsogolo kunena kuti mng'ono wake wafa, kuti aike m'manda chovala chake pamodzi ndi thunthu la nthochi, achite miyambo yonse kuphatikizapo kulowa kufa, kenako katundu agawidwe. Popeza banjali ndi la lobola ndipo ana amawerengedwa kuchimuna, iye ankayembekeza kuti ng'ombe zitsala m'khola mwake. Mayiyo anakana, china chifukwa cha chikhulupiriro chake, china chifukwa mafumu a dera lino akhala akuletsa kulowa kufa poopa kufala kwa HIV, koma makamaka chifukwa sanafune kulira maliro a munthu amene sanamuone atagona.

Patapita nthawi mlamuyo anamva pa msonkhano wina zimene lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena, zoti munthu akafa osasiya wilo chuma chake chimayamba kupita kwa mkazi, ana ndi amene ankamudalira, ndiponso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kuyambira pamenepo, makamaka mphekesera ya ku Morrumbala itabwera, iye ndiye anakhala wolimbikira kunena kuti mng'ono wake ali moyo, ndipo ng'ombe akungomusungira. Mayiyo akapempha kuti imodzi igulitsidwe kuti mwana wamkulu alipire sekondale, ankayankhidwa kuti mwini wake akabwera adzafunsa. Pofika 2022 ng'ombe zinali zitaswana, ziwiri zinali zitagulitsidwa mayiyo osadziwa, ndipo ndalama za ngolo, imene imanyamula mchenga ndi katundu wa anthu tsiku ndi tsiku, sizinkafika kwa ana.

Apa pali mpata umene lamulo limausiya, ndipo ndi umene ndikufuna anzanga a ntchito imeneyi auone. Lamulo la 2011 limateteza chuma cha munthu wakufa. Chuma cha munthu wosowa chikadali chake, ndipo amene wachigwira akhoza kunena kuti ndi wosunga chabe, popanda wina womuwerengera. Mkazi wa wosowa si wamasiye pamaso pa lamulo, sangapite kwa bwanamkubwa wa boma kukatsegula nkhani ya chuma cha masiye, ndipo sangakwatiwenso mtima uli m'malo. Kuti bungwe la National Registration Bureau lipereke chikalata cha imfa ya kumudzi pamafunika kuti mfumu itsimikize imfayo, ndipo nyakwawa ya mayiyo inakana kusaina, inati singalembe kuti munthu anafa pamene sinaone mtembo ndiponso m'mudzi mwake muli wina amene akuti anamuona akuyenda. Mayiyo anakhumudwa nazo, koma ine ndikuona kuti nyakwawayo inachita bwino, chifukwa chikalata chopezeka mwa njira imeneyo chikanagwa tsiku loyamba mlamuyo atachitsutsa.

Njira yotsala ndi ya ku Khoti Lalikulu. Makhoti athu amatsatira mfundo yakale yoti munthu amene wasowa zaka 7 zathunthu, osamveka kwa anthu amene akanayenera kumva za iye akanakhala moyo, ndipo kufufuza koyenera kwachitika, angathe kuyesedwa wakufa. Zaka 7 zinakwana mu Januwale 2022. Chimene chinalibe ndi umboni wolembedwa woti kufufuza kunachitika, ndipo mphekesera ya 2017 inali yoti iyankhidwe, osati kungoinyalanyaza, chifukwa woweruza akamva kuti wina anamuona munthuyo pakati pa zaka zimenezo ayenera kufunsa. Ntchito yambiri imene ndafotokoza pamwambapa inachitidwa pa chifukwa chimenechi: osati poyembekeza kuti bamboyo apezeka, koma kuti pakhale pepala losonyeza khomo lililonse limene linagogodedwa ndi yankho lake.

Namondwe wa Freddy anatisokoneza mu Malichi 2023, pamene midzi yomweyo inamiranso ndipo mboni zinabalalikanso m'misasa. Dziko lonse anthu 679 anatsimikizika kuti afa ndipo 537 anasowa, ndipo kufunafuna kutatha osowawo anawerengedwa pamodzi ndi akufa. Mayiyo atamva zimenezi pa wailesi anabwera kudzafunsa ngati mwamuna wake alowa nawo m'gulu limenelo. Ndinamufotokozera kuti chilengezocho chikukhudza osowa a chaka chimenecho, ndiponso kuti chiwerengero cholengezedwa ku dziko n'chosiyana ndi chikalata cholembedwa dzina la munthu mmodzi, chimene ndicho ofesi iliyonse imafuna kuona.

Ku bwalo la mfumu

Popeza nkhani za ku khoti zimatenga nthawi ndipo ana akukula, tinapempha gulupu wa dera la mlamuyo kuti aitanitse mbali zonse, pamodzi ndi nyakwawa ya mayiyo, kuti pakhale mgwirizano wongoyembekezera. Ndinapempha bwalo kuti lisakambe zoti bamboyo ali moyo kapena wafa, poti funso limenelo bwalo silingaliyankhe ndipo ndi limene lakhala likutseka njira, koma likambe za udindo wa munthu amene akuti akusunga chuma cha mnzake. Mayiyo analankhula mwachidule, atagwada monga mwa mwambo: "Alamu, ngati mng'ono wanu ali moyo, ana awa ndi ake, ndipo akanakhala pano sakanalola kuti asiye sukulu ng'ombe zili m'khola. Ngati anatisiya, ana awa ndi omwewa. Ndiuzeni mbali imene ng'ombe zimenezi sizikhudza anawa." Mlamuyo anayankha kuti iye ndi amene wakhala akulipira woweta, mankhwala ndi dibi zaka zonsezi, zomwe zinali zoona ndipo bwalo linazivomereza.

Chimene chinagwirizanidwa ndi kulembedwa n'chakuti ng'ombe ziwerengedwe pamaso pa mafumu awiriwo, iliyonse ilembedwe mtundu ndi zizindikiro zake, kuti pasagulitsidwe iliyonse popanda kusaina kwa mayiyo, mlamuyo ndi gulupu, kuti ndalama za ngolo zizigawidwa pakati pa zosamalira ziweto ndi sukulu ya ana, ndiponso kuti mlamuyo apatsidwe ng'ombe imodzi yaikazi ngati malipiro a kuweta kwa zaka zapitazo, koma ziwiri zimene anagulitsa ziwerengedwe pa gawo limeneli. Mayiyo sanakondwe ndi ng'ombe yaikaziyo. Ndinamulangiza kuti avomere, chifukwa mgwirizano umene mlamuyo watulukamo wopanda kanthu ukanatha mafumu atangochoka, ndipo khola lili pakhomo pake, osati pa mayiyo. Mpaka pano mgwirizanowo ukutsatidwa pa nkhani ya kugulitsa, koma pa ndalama za ngolo ukutsatidwa mwa apo ndi apo, poti palibe njira yodziwira maulendo amene ngolo yayenda.

Maganizo anga ndi pamene nkhani ili

Poyeza zonse, ndikuona kuti chimene chikugwirizana kwambiri ndi umboni n'chakuti bamboyo anamira pa Mtayamoyo akuyesa kubwerera kwa ana ake madzulo a tsiku limene madzi anakwera. Ngati ndi choncho, amene analemba ku msasa kuti wakokoloka sananame, koma analemba malo olakwika ndi nthawi yolakwika, ndipo kulakwika kumeneko ndiko kunachititsa kuti pasapezeke wofunsa pa doko pamene anthu anali akukumbukirabe amene anakwera bwato lija. Masiku awiri amene sakudziwika kumene anagona akadali mpata, ndipo sindikuubisa m'mapepala opita ku khoti. Sindinapeze chilichonse chosonyeza kuti mlamuyo ali ndi dzanja pa kusowako, ndipo ndinawauza achibale a mayiyo, amene anayamba kunong'ona zimenezo, kuti kupindula ndi kusowa kwa munthu si umboni woti unamusowetsa.

Fayilo ya munthu wosowa inatsegulidwa kupolisi m'dzina la bamboyo, mochedwa chotero, kuti pakhale nambala yoitchula. Maumboni olumbira a mayiyo, wopalasa wachikulire, mayi wopikula nsomba, bambo wa kabaza ndi amene anabweretsa mphekesera ya ku Morrumbala alembedwa, yankho la a Red Cross laphatikizidwa, ndipo mapepala onse aperekedwa kwa loya wa thandizo la boma kuti akonze pempho la ku Khoti Lalikulu. Mlamuyo wadziwitsidwa kuti ali ndi ufulu wotsutsa, ndipo sananene ngati adzatero.

Mboni imodzi yatsala, ndiyo wopalasa amene akuti anapulumuka pa bwato lija, yekhayo amene anganene ngati bamboyo anakwera. Anthu a pa doko akuti anasiya kupalasa chaka chomwecho n'kusamukira cha ku Ngabu m'boma la Chikwawa, ndipo sanalankhulepo za usiku umenewo poopa kuti angamangidwe chifukwa chonyamula anthu pa madzi oopsa n'kulandira ndalama. Uthenga wapita kudzera kwa malume ake, wofotokoza kuti chimene chikufunika ndi dzina la amene anali m'bwatomo, ndiponso wonena zoona kuti ine ndilibe mphamvu yomulonjeza kuti apolisi sadzamufunsa kanthu. Ngati avomera kulankhula, umboni wake udzakhudzanso mabanja a anthu ena amene anakwera bwato lomwelo, amene mayina awo sitikuwadziwa. Ngati akana, pempho lipita ku khoti ndi maumboni asanu amene alipo.